Magiya akudumpha: ndigule chida chowongolera hang'ala ya derailleur?

Funso lachokera kwa bambo ena a ku Chiputula, muno mu Mzuzu. Alemba motere:

"Ndimakonza ndekha njinga zapakhomo panga: yanga ya magiya 9 kumbuyo, felemu ya aluminiyamu, yomwe ndinagula pakaunjika, ya mayi akunyumba ya magiya 7, ndi ya mwana. Mwezi watha ndinaterereka pamatope n'kugwera kumanja, ndipo chigwereni magiya sakukhazikika. Ndikatchuna kuti aang'ono azilowa bwino, aakulu amayamba kudumpha; ndikakonza aakulu, aang'ono amalira. Kebulo ndasintha, koma ayi ndithu. Mnzanga akuti kachitsulo kopachikapo derailleur kapindika, ndipo pali chida chake chowongolera. Ndaziona pa intaneti, zina zotchipa, zina mtengo wake ngati njinga yathunthu. Alamu anga akubwera kuchokera ku Johannesburg mwezi wamawa ndipo angathe kundigulira. Ndigule chiti, kapena n'kutaya ndalama?"

Bambo, mnzanuyo mukakumana naye mum'gulire tiyi wamkaka, walasa. Magiya omvera mbali imodzi n'kukana mbali inayo, njinga itangogwera kumanja, kawirikawiri mlandu umakhala wa kachitsulo komweko. Pachizungu amati hanger, ife timangoti hang'ala monga ija yopachikira malaya, pakuti ntchito ndi imodzimodzi: derailleur, chipangizo chosuntha tcheni posintha magiya, imalendewera pamenepo. N'kachitsulo kosadzaza chikhato, ndipo pa njinga zambiri za aluminiyamu anakapanga kofewa dala, komangirira ndi timabawuti, kuti njinga ikagwa kazipindika kapena kuthyoka ikoko, felemu n'kupulumuka. Kali ngati fyuzi ya m'galimoto, kamafera zinzake zodula.

Kutchuna kukukukanikani pachifukwa ichi. Kale magiya tinkasintha ndi kachogwirira kongotsetsereka, khutu lili tcheru. Tcheni chikamalira umasuntha pang'ono mpaka chitatonthola, ndiye hang'ala yopindika dzanja linkaibisa osadziwa. Mu 1984 kampani ya Shimano inatulutsa magiya oti ukadina kamodzi, khethe, derailleur imasuntha mtunda woyezeratu, ndipo lero pafupifupi njinga iliyonse ya magiya ndi yotero. Chosinthiracho chilibe maso. Chimangokhulupirira kuti derailleur yaima chilili, yafanana ndi masipuloketi, timawilo ta mano takumbuyo tokwerapo tcheni. Tsono pa sipuloketi yaikulu derailleur imatambasuka n'kutsika, pa yaing'ono imadzipinda n'kukwera. Hang'ala ikapendekeka, kupendekeka komweko kumabala cholakwa chachikulu uku, chaching'ono uko. Kebulo mukaikunga kapena kuimasula imasuntha magiya onse mofanana, ndiye mukangokondweretsa ena, ena akwiya. Mudzatchuna mpaka nkhuku zilowe.

Malo osewerera ndi ochepanso. Kuchokera pakati pa sipuloketi imodzi kufika pakati pa inzake, pa magiya 7 pali mamilimita 5, pa magiya 8 a Shimano pali 4.8, pa 9 pali 4.3 ndi kanthu pang'ono, pa 10 sipakwana ndi 4 pomwe. N'chifukwa chake njinga ya mayi ingathe kugwa kangapo n'kumasinthabe magiya mosadandaula, pamene yanu yagwa kamodzi yayamba kale kunyanyala.

Musanatume alamu, gwadani kumbuyo kwa njinga zonse zitatu muone mmene derailleur yagwirira. Chida mukufunachi chimalowa pabowo la mazinga, ena amati matiredi, pamene pamangidwa derailleur, ndiye bowolo liyenera kukhalapo. Pa njinga zambiri zotchipa za magiya 6 kapena 7, derailleur imabwera ndi kambale kake kangowe, kokoweka pa ekiselo n'kupanidwa ndi nati ya wilo. Kambaleko kakakhala kokhomereredwa ku derailleur, chida chilibe polowa. Kakapindika mumakawongola pavayisi kapena kugula derailleur ina. Sindingadabwe ya mayi itakhala yotere. Ya mwana ikakhala ya giya imodzi, ili m'gulu la njinga za anyamata a Sacramento, akabaza a muno mu Mzuzu, ndi za Buffalo zija, zimene matenda amenewa siziwadziwa n'komwe. Mwina mupeza kuti chida chonsecho mukugulira njinga imodzi, ndipo zimenezo zimasintha masamu.

Palinso matenda ena ovala malaya omwewa. Mwati kebulo mwasintha. Nanga kapaipi kake kakuda kakunja kaja? Mvula yakuno ndi dothi lathu lofiira zimalowa m'menemo, makamaka m'kachidutswa kokhota ka kumbuyo, ndipo kebulo yatsopano m'kapaipi kakale imakakamira chimodzimodzi. Gwedezani wilo cham'mbali. Makoni, timanati topana mabelingi a wilo, akamasuka, masipuloketi nawo amavina. Tcheni chotha pa masipuloketi odyeka chimadumpha mukaponda mwamphamvu, ngakhale zonse zitaima bwino. Derailleur imene ikhoza kupindika payokha, timbale tonyamula timawilo tiwiri tija n'kupotoka. Ndiye pali nthenda ya njinga za pakaunjika, yosakaniza zipangizo: chosinthira cha magiya 8 pa masipuloketi 9, kapena chosinthira cha SRAM X5 chokoka derailleur ya Shimano. Zimenezo sizidzamvana, olo mutawongola ndi chida chagolide. Koma inu mwati zonse zinali bwino musanagwe, ndiye tibwerere ku hang'ala.

Chidacho n'chosavuta kuchimvetsa. Chili ndi mutu wa mazinga wolowa mu hang'ala, mkono wautali wachitsulo wozungulira pamutupo, ndi kachala kotsetsereka pamkonopo kofika pa rimu. Alamu akakafunse derailleur hanger alignment gauge, ndilo dzina lake m'masitolo. Anthu ambiri amachiona ngati chitsulo chopindira basi. Kupinda ngakhale sipanala ingapinde. Ndalama zanu mukulipira muyezo. Nkhope ya hang'ala ndi yaing'ono ngati khobidi, ndipo diso silingaone ikapendekeka pang'ono. Mkono wautaliwo umatenga kupendekekako n'kukakukulitsira pa rimu. Pa wilo la 29 kapena 700c, limene rimu yake ndi mamilimita 622 m'mimba mwake, digiri imodzi yokha imaoneka ngati kusiyana kwa mamilimita pafupifupi 11 pakati pa pamwamba ndi pansi. Pa wilo la 26 ndi 10. A Park Tool, opanga zida za njinga ku St. Paul ku Minnesota, amalangiza kuti kusiyanako kusapose mamilimita 4. Kumeneko n'kusakwana theka la digiri. Amene amati amawongola ndi maso, mum'funse kuti maso akewo anagula kuti.

Popeza ndi muyezo, chinthu chachikulu kuposa zonse pogula ndi chakuti chisamagwedere. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinapserapo. Chida changa choyamba ndinachigula kwa wamalonda wina wobwera ndi katundu wa ku Dar es Salaam. Chinali chowala, m'bokosi lokongola, mtengo wake wapachibale. Nditachimanga pa njinga, nsonga ya mkono inkagwedera ngati dzino la nkhalamba. Ndikachikankhira pang'ono ku wilo, kachala kakhudza rimu. Ndikachikokera kwa ine, patsala mpata woti pensulo n'kudutsa. Tsono pensulo ndi mamilimita 7, ine ndikusaka 4. Miyezi ingapo ndinkachikhulupirirabe, mpaka tsiku lina ndinayeza hang'ala imodzi katatu n'kupeza mayankho atatu. Ndikakumbuka mahang'ala owongoka kale amene ndinawapinda ndi manja angawa, eni ake n'kundilipira ndi kuthokoza komwe, manyazi amandigwirabe.

Kugwederako kumachokera pawiri: pamene mkono umazungulira pamutu, ndi pamene kachala kamatsetsereka pamkono. Kampata kosaoneka pamutu kamasanduka kamtsinje kunsonga, mwa lamulo lomwelo lokulitsa lija. Ndiye alamu akakalowa m'sitolo, asakangoloza bokosi. Akachitulutse, akagwire mutu wa mazinga molimba ndi dzanja limodzi, dzanja linalo n'kugwedeza nsonga ya mkono cham'mbali. Chiyenera kuzungulira mofewa koma osamveka khokhokho. Akamangenso kachala n'kukagwedeza. Sitolo yokana kutsegula bokosi akaisiye. Mukaitanitsa pa intaneti mayeso amenewa palibe, mumagula mphaka m'thumba. Zina zopanda dzina zochokera ku China zimatuluka zabwino ndithu, zina ngati changa chija, ndipo pachithunzi zonse zimaoneka chimodzimodzi.

Chikakupezani chogwedera pang'ono musachitaye. Nthawi iliyonse mukuyeza, muzikokera mkono kwa inu mofatsa ndi chala chimodzi mpaka kugwedera kuthere pamenepo, kenako muwerenge mpata. Mukachita zofanana pamwamba, pansi ndi kumbuyo, bodza lake limakhala limodzi paliponse ndipo limadzifafaniza lokha. Wasala wopyapyala pamutu amathandizanso. Koma imeneyo ndi nzeru yopulumutsira ndalama zolowa kale, si chifukwa chogulira chogwedera.

Chachiwiri n'chimene olemba malonda satchula kawirikawiri, chifukwa njinga zawo ndi zamaliseche. Zathu zili ndi kaliyala ndi madigadi. Pochoka pansi kupita pamwamba, kachala kamakumana ndi miyendo ya kaliyala, mawaya a madigadi ndi mapaipi a felemu. Kayenera kubwerera m'mbuyo kapena kutembenuka, kudutsa chopingacho, n'kubwereranso pamalo pake penipeni osataya muyezo. Pa DAG-2.2 ya Park Tool, kachala kali ndi timphira tozungulira tokumbutsa pamene kanali. Pa DAG-3 kamachita kutembenuka n'kubwerera. Njira zonsezo zimagwira ntchito. Chopanda njira iliyonse chidzakutopetsani, muzidzachotsa kaliyala nthawi zonse.

Zotsalazo n'zachidule. Mkono ukhale wolimba, wosapindika mukamakoka, ndi wotalika kufika pa rimu ya 29 ngakhale njinga yanu ili ya 26, pakuti njinga zimasinthidwa koma chida chimakhala. Mutu ukhale wachitsulo cholimba ndi khosi lowonda lotalikirapo, chifukwa mafelemu ena ali ndi milomo yotuluka pamene pamakhala ekiselo, ndipo chida cha khosi lalifupi chimagunda pamenepo chisanakhale pansi.

Mayina amene alamu akakumane nawo ndi awa. Park Tool ndatchula kale. Ndi chida cha m'malo okonzera njinga, cholemera, chosafuna kunyengerera. Unior ya ku Slovenia imapanganso zida zodalirika. HAG ya a Abbey Bike Tools a ku Oregon ndi yokongola, imafupika n'kukwana m'chikwama, ndipo ndiyo ina mwa zimene mwaziona mtengo wake ngati njinga. Anaipangira amakaniki oyendayenda ndi matimu a mpikisano, inu ndi ine tilibe nayo ntchito. Ya Wolf Tooth ndi yosiyana ndi zonsezi, siyeza pa rimu koma imalowa pamalo a ekiselo, mumafananiza tindodo tiwiri, ndiye muyenera kugula yogwirizana ndi mtundu wa ekiselo yanu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula ndi dola kapena randi chimaluma, ndiye ine sindingakutumeni pamwamba. Chapakati, chosagwedera, basi.

Mwina mukudzifunsa ngati wowotcherera wapafupi sangapange. Angapange, ndipo ndaonapo zopanga kuno zoposa chija ndinagula ine. Koma mvetsani za mazinga, chifukwa apa ndi pamene anthu amaphera mahang'ala. Bowo la hang'ala ndi mamilimita 10, mazinga ake otalikirana milimita imodzi, amalemba M10 x 1. Bawuti ya 10 ya kuhadiweya mazinga ake ndi otalikirana 1.5, zina za magalimoto ndi 1.25. Zonsezo zimaluma kamodzi kapena kawiri n'kuyamba kudya aluminiyamu. Choopsa kwambiri ndi ekiselo wamba ya kumbuyo, yomangira manati, imene yadzaza m'misika mwathu: yambiri ndi 3/8 ya inchi, mamilimita 9.5, mazinga 26 pa inchi. Imalowa bwinobwino ngati ndi kwawo, koma ndi yowonda, ndipo mukangokoka mkono imazula mazinga onse. Yoyenera ndi ekiselo ya kumbuyo yamphako, ija imadutsa kandodo komangira wilo popanda sipanala, ya mtundu wa Shimano. Imeneyo ndi M10 x 1 ndendende. Kaipezeni pa habu yakufa, muiyese ndi zala pa hang'ala yotha kale, ndipo ikalowa mpaka kumapeto mosakakamiza komanso mosagwedera, ndiyo. Mkono mupange ndi paipi yasikweya, makoni ndi manati ake azipana paipiyo mbali zonse ziwiri. Bowo likakhota pang'ono si mlandu waukulu. Mlandu ndi womwe uja, kugwedera.

Pali njira inanso yosafuna kupanga kanthu. Mukabwereka wilo la kumbuyo lowongoka, la ekiselo yamphakoyo, mumalowetsa nsonga ya ekiselo yake mu hang'ala n'kulimanga. Mawilo awiri aima moyandikana, ndipo mumayeza ndi rula kuchokera pa rimu kufika pa rimu, pamwamba, pansi, kumbuyo ndi kutsogolo. N'kovuta kugwira ndipo mazinga olowa ndi ochepa, ndiye musakoke mwaukali, koma pongofuna kudziwa ngati hang'ala yapindika ndi njira yabwino zedi. Mukhoza kuchita mawa lino alamu asananyamuke.

Chida chikafika, kachitidwe kake ndi aka. Wilo lisachoke, likhale m'malo mwake mpaka kumapeto ndi lomangidwa kolimba, chifukwa ndilo muyezo komanso ndilo limagwira felemu pamene mukukoka. Onani kuti timabawuti ta hang'ala n'tomanga. Ena amawongola hang'ala yongomasuka. Tsitsani tcheni pa sipuloketi yaing'ono, masulani derailleur ndi aleni kiyi ya 5, muisiye ilendewere pa tcheni. Pukutani bowo, pakani kagirizi, lowetsani chida ndi zala zokha. Chikakana pakuzungulira koyamba, tulutsani muyambirenso.

Kenako funani valavu. Imeneyi ndiyo mboni yanu. Wilo lililonse lili ndi kakupotoka kake, ndiye mukayeza malo osiyanasiyana a rimu mudzakhala mukuyeza wilo m'malo mwa hang'ala. Tembenuzani wilo valavu ifike pansi, tsitsani mkono pomwepo, sunthani kachala kangokhudza m'mbali mwa rimu pafupi ndi valavu, osakankha. Tsopano tengani mkono ndi valavu mukwere nazo limodzi pamwamba. Kachala mukatsetsereza kuti kafikenso pa rimu, pakuti hang'ala sili pakati pa wilo. Njinga yogwera kumanja ngati yanu, kawirikawiri mudzaona kampata pamwambapo, kuwala kukudutsa pakati pa kachala ndi rimu. Ikanipo aleni kiyi ya 4. Ikadutsa momasuka, hang'ala yalowa mkati.

Bwezani kachala m'mbuyo kasakande rimu, gwirani mkono pafupi ndi nsonga, dzanja lina pa felemu, mukankhire ku wilo pang'onopang'ono. Mudzamva chitsulo chikukana, kenako n'kulola pang'ono, lekerani pomwepo. Chimabwerera pang'ono mukachisiya, zimenezo n'zachibadwa. Cholinga ndi kutseka theka la mpata, osati wonse, chifukwa pamwamba pakamalowa pansi pamatuluka. Tsikaninso ndi valavu, ikani kachala mwatsopano, kweraninso. Pamwamba ndi pansi pakagwirizana, yezani kumbuyo, ndi kutsogolo mpaka pamene felemu ikulolerani, chifukwa hang'ala imapotokanso chozungulira. Kukonza mbali imodzi kumasokoneza inzake pang'ono, ndiye mudzazungulira kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukoka kanayi pang'onopang'ono kumaposa kukoka kamodzi n'kupitirira, pakuti kubweza mmbuyo ndiko kumathyola.

Pobwezera derailleur, onetsetsani kuti kasikuluwu ka B, kotalikitsa derailleur ku masipuloketi, kapena kambale kake kakhala pa kadzino ka hang'ala, osati kupanikizika pambali pake. Yambani ndi zala, malizani ndi aleni kiyi. A Shimano amati 8 mpaka 10 Nm, kumene kuli kumanga kolimba ndi kiyi wamba popanda kuwonjezera paipi. Ndipo popeza mwakhala mukutchuna mwezi wathunthu, masikuluwu a H ndi L, oletsa derailleur kupitirira sipuloketi yaing'ono ndi yaikulu, komanso kebulo muyambirenso pachiyambi.

Tsopano nkhani imene ingakupulumutseni kuposa chida. Aluminiyamu sakonda kupindidwa kawiri. Chitsulo wamba mukhoza kuchipinda n'kuchibweza kangapo, n'chifukwa chake pa njinga zakale zachitsulo, zimene hang'ala yake ndi thupi limodzi ndi felemu, chida ichi ndi mankhwala enieni. Koma aluminiyamu akapindidwa amauma, akabwezedwa amaumiratu, kachitatu amangoti phwa. Kumuwotcha ndi moto sikuthandiza, kumamuwononga. Hang'ala yopindika pang'ono imawongoka kamodzi, mwina kawiri. Yopindika moti ngakhale mwana akuona, kapena yoonetsa kamzere koyera kapena kamng'alu popindikapo, yatha ntchito. Ndisanakhale ndi chida chilichonse, ndinagwira hang'ala ya kasitomala ndi sipanala yashifitingi, iye ataima pambali panga akundiuza za ulendo wake wa Loweruka. Ndinakoka kamodzi, kachidutswa kanatsalira m'kamwa mwa sipanala. Tonse tinangoti duu. Njingayo inakhala pakhoma panga milungu yambiri kudikira ina yofanana nayo.

Ndiye musayambe kuwongola musanakhale ndi hang'ala ina m'thumba. Vuto lake, mahang'ala alipo mitundu mazanamazana, moti kampani ya Wheels Manufacturing ya ku Colorado inachita kuwapatsa manambala. Amasiyana polowa ekiselo, kuchuluka kwa timabawuti, ndiponso mbali imene amagona, mkati kapena kunja kwa felemu. Mu 2019 a SRAM anatulutsa UDH, hang'ala imodzi yokwana mafelemu ambiri atsopano, koma njinga zakale za pakaunjika sizili m'gulu limenelo. Kungouza alamu kuti "mukandigulire hang'ala" n'kudziputira. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ichotseni, muigoneke papepala loyera pambali pa rula, muijambule mbali zonse ziwiri. Jambulaninso pamene imakhala pa felemu, ndi dzina la njinga ndi mtundu wake. Akapeza yofanana agule ziwiri. N'zopepuka, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chida.

Ena kuno akasowa amasema hang'ala pa chitsulo chokhuthala. Yofikira kunyumba ndi yabwino, koma musaikhalitse. Fyuzi mukaisintha ndi msomali, tsiku la ngozi chimapsa n'china. Njinga ikadzagwanso chidzang'ambika ndi felemu, ndipo felemu ya aluminiyamu ikang'ambika pamenepo kawirikawiri ndiye maliro. Dziwaninso kuti ngakhale hang'ala yatsopano imafuna kuyeza ikamangidwa, chifukwa pamene imagona pa felemu sipakhala powongoka nthawi zonse, makamaka pa njinga yogwapo kale. Amene amati "ndingogula yatsopano, chida n'chachiyani" amakhoza theka lokha.

Ndikanakhala inu, ndalama zoyamba zikanapita ku mahang'ala awiri. Zikatsala, ndipo alamu avomera kukachigwedeza ndi manja m'sitolo, ndikanagula chida chapakati, cha mtundu wa DAG-2.2 kapena cha Unior. Munthu wa njinga imodzi ya magiya 9 achigwiritsa ntchito mwina kawiri pachaka, ndiye mukakhala ndi anzanu opalasa nawo njira ya ku Ekwendeni kapena ya ku Chikangawa, sonkhanani mugule chimodzi, chizikhala kwa amene amabweza zinthu. Njinga zikamakwezedwa pa minibasi kapena pa lole, ogwira katundu sasankha mbali, amagoneka paliponse n'kusanjikapo matumba, ndiye chidacho sichidzasowa ntchito. Inuyo mukamagoneka yanu, kumanzere pansi, tcheni kumwamba.

Alamu akubwera mwezi wamawa, koma njinga mukuikwera lero. Hang'ala ikalowa mkati, derailleur imayandikira masipoko, ndipo imayandikira kwambiri pa sipuloketi yaikulu, giya imene munthu amaifuna pachitunda akuponda ndi mphamvu zonse. Mnyamata wina anandibweretsera njinga pamatola kuchokera njira ya ku Nkhata Bay. Kuchoka kunyanja kufika muno ndi makilomita pafupifupi 50, kukwera mamita oposa 700, ndipo iye anali atamva kale kamkokomo ka ting'iting'i kumbuyo koma anati akaona akafika. Atadina giya yomaliza, sipoko inakola derailleur n'kuizunguliza pamwamba pa masipuloketi. Hang'ala inaduka, derailleur inapindika ngati nthochi, tcheni chinapotoka, masipoko angapo anazuka, rimu n'kukhala ngati lichero.

Madzulo ano ikani njinga pa sipuloketi yachiwiri kuchokera ku yaikulu, mumange sikuluwu ya L mpaka itagunda, kuti ngakhale chala chitaiwala n'kudina, tcheni chisakwere pa yomalizayo. Mutaya giya imodzi kwa mwezi umodzi. Zitunda za ku Masasa zikakukanikani, tsikani mukankhe. Anyamata a Sacramento amakankha tsiku lililonse, ndipo palibe amawaseka.